Za Maliro a Anthu Amene Sanabadwe

Owerenga athu adziwa mwambo wa nthano. Wokamba akati, Padangotero, ife tibvomera kuti tiri tonse. Ndipo fisi akapsa, kapena njobvu ikagwa m'mbuna, palibe wogona ndi cisoni, pakuti nthanoyo itha usiku womwewo, moto usanazime. Koma m'masiku a atate athu kunabuka mtundu wina wa nthano, ndiwo masewero a pa wailesi ndi pa kanema, osimba za banja limodzi sabata ndi sabata, caka ndi caka, kufikira openya adziwa a m'nyumbamo monga adziwa anansi ao. Tsono m'banja lotere mukagwa zobvuta, anthu alira misozi yeniyeni, nafunsa eni sewero kuti, Mwamupheranji? Tifuna kulongosola pano momwe eni masewero anayankhira mlandu umenewu.

Tiyambe ku England. Sewero la The Archers, lonena za alimi a m'mudzi wopeka wa Ambridge, linayamba kumveka m'dziko lonselo pa wailesi ya BBC m'caka ca 1951. Pa 22 September 1955, Grace Archer, amene anangokwatiwa caka comweco, analowa m'khola loyaka moto kuti apulumutse kavalo. Mtanda unamgwera, namwalira. Usiku womwewo ndiwo umene ITV, kanema woyamba wa malonda m'dzikomo, anayamba kuonetsa. Ndipo ambiri akhulupirira kuti a BBC anasankha tsikulo dala, kuti m'mawa mwace anthu akambe za maliro, asakambe za mlendoyo. Lamya za BBC zinalira masiku awiri osapuma, ena olira, ena okalipa. Koma eni sewero sanagwedezeke. Grace sanabwerenso, ndipo mwamuna wace Phil anakwatira wina mu 1957.

Zitapita zaka makumi atatu, mlandu womwewo unagwa ku America, nuweruzidwa mwa njira yina. Sewero la Dallas, limene kanema wa CBS anaonetsa kuyambira 1978 kufikira 1991, linasimba za banja la Ewing, eni ng'ombe ndi zitsime za mafuta m'dziko la Texas. M'nyumbamo munali abale awiri osiyana mitima: J.R., mkuru, wocenjera ndi wonyenga, ndi mng'ono wace Bobby, wofatsa, wokonda mkazi wace Pamela. Anthu anapenya sewerolo cifukwa ca zoipa za J.R., koma mitima yao inapumira pa Bobby. Banja limeneli linaona kale imfa, pakuti Jim Davis, amene anasewera monga atate wao Jock, anamwalira ndithu mu 1981, ndipo olemba anaika imfa yace m'sewero caka cotsatira. Pamenepo panalibe wokalipa, popeza onse anadziwa kuti mwini wace wapita.

Za Bobby zinali zina. Patrick Duffy, amene anabvala dzinalo, anali wamoyo ndi wamphamvu. Anangofuna kukayesa nchito zina. Cifukwa cace m'mwezi wa May 1985 olemba anakonza kuti Katherine Wentworth, mbale wace wa Pamela, athamangitse galimoto kuti agunde Pamela. Bobby anakankha mkaziyo, galimoto niigunda iye, nafera m'cipatala abale ace atamzinga. Anamuika m'manda anthu akupenya. Caka conse cotsatira, magawo 31, openya anayenda ndi banjalo m'cisoni cace: mai wace analira, J.R. anasowa womletsa, ndipo potsiriza Pamela anakwatiwa ndi mwamuna wina. Koma ambiri anacita monga acita anthu pamudzi pamene wacokapo wokondedwa wao: analeka kufikapo. Sewero limene linali laciwiri m'kukondedwa ku America konse linatsika kufikira lacisanu ndi cimodzi.

Pomwepo eni ace anacita mantha. Larry Hagman, ndiye J.R., anadandaulira Duffy kuti abwere, iye nabvomera. Anajambula kubwera kwace mobisa, ponamizira kuti akonza cilengezo ca sopo, kuti olemba nyuzi asanunkhize kanthu. Ndipo m'mwezi wa May 1986 anthu anaona Pamela alikudzuka m'mawa, namva madzi alikugwa m'cipinda cosambira; potsegula, napeza Bobby alikusamba, iye nampatsa moni monga tsiku liri lonse. Anthu anatha miyezi inai alikufunsana kuti, Kodi ndi mzukwa, kapena wofanana naye? M'mwezi wa September anauzidwa kuti imfa ija, maliro aja, ndi zonse za caka cija, zinali maloto a Pamela a usiku umodzi.

Ife tiyesa kuti apa eni sewero anabwezera anthu munthu wao, nawalanda cinthu coposa. Wolira maliro ataya kanthu kace, ndiko mtima ndi nthawi. Ndipo kumuuza pambuyo kuti m'bokosi munalibe mtembo sikumtonthoza ai, koma kumcititsa manyazi pa misozi yace. Ambiri anaseka, ena anapsa mtima, ndipo Dallas sanakwerenso pamene anali. Caka cotsatira anatsika kufikira pa 11. Panalinso cina codabwitsa. Sewero lina la Knots Landing linasimba za Gary, mbale wina wa Bobby, wokhala ku California. Kumeneko analira Bobby, nacha mwana wamwamuna dzina lace kuti amkumbukire. Olemba a kumeneko anakana kusandutsa caka cao maloto. Cotero munthu mmodzi anali wamoyo m'sewero lina, ndi wakufa m'linzace, pa kanema mmodzi yemweyo.

Ku India zinacitika msanga koposa. Sewero la Kyunki Saas Bhi Kabhi Bahu Thi, lonena za apongozi ndi akazi a ana ao m'banja lolemera la Virani, linayamba pa Star Plus m'caka ca 2000. Mu 2001 olemba anapha Mihir, mwamuna wa Tulsi, m'ngozi. Makalata ndi lamya zinacuruka, ndipo akazi ena anasonkhana ku nyumba ya Balaji Telefilms, eni sewerolo, kukapempha kuti abwezedwe. Ekta Kapoor, mwini nchitoyo, sanadikire caka. Mihir anapezeka wamoyo, ataiwala dzina lace ndi kwao, nafika kwao tsiku limene Tulsi anati akwatiwe ndi wina. Ndipo openya anacuruka koposa kale. Pambuyo pace, pamene Amar Upadhyay, wosewera monga Mihir, anacoka m'sewerolo, olemba sanakumbe manda. Anangopereka dzinalo kwa wosewera wina, Tulsi napitiriza kumucha mwamuna wace.