Mbiri ya Timaenje ta pa Ulusi Wopotedwa ndi Magetsi

Ulusi wa nanofiber ndi wowonda kwambiri moti tsitsi limodzi la munthu limauposa kunenepa maulendo oposa 100. Popanga, amasungunula pulasitiki m'mankhwala amadzimadzi n'kuikankhira pa singano yolumikizidwa ku magetsi amphamvu. Dontho limasongoka, limatambasuka, limauma likadali m'malere, ndipo ulusi umagwera pa chitsulo n'kuyalana ngati ukonde wa kangaude.

Anton Formhals analembetsa njirayi mu 1934, koma amene anaigwiritsa ntchito poteteza mapapo ndi Igor Petryanov-Sokolov ndi Nathalie Rozenblum, pa Karpov Institute ku Moscow, mu 1938. Nsalu yawo yosefera mpweya ndiyo inali m'mamasiki a Lepestok omwe anavalidwa ku Chernobyl mu 1986.

Kwa nthawi yaitali ulusi wabwino unkayenera kukhala wosalala, ndipo timikanda tomwe tinkatuluka pa ulusi tinkaonedwa ngati chilema. Mu 1999 gulu la Darrell Reneker ku Akron linaonetsa kuti timikandato timachuluka pulasitiki ikasungunulidwa mopyapyala, ndipo timatha ikakhala yolimbirako ngati phala. Mu 2001 ofufuza a ku Marburg anapanga ulusi wodzaza timaenje pogwiritsa ntchito dichloromethane, yomwe imauma msanga. Kenako mu 2004 ofufuza a ku Delaware anapeza kuti chinyezi cha m'chipinda nachonso chimalamulira: mpweya ukakhala wouma ulusi wa polystyrene unkatuluka wosalala, koma chinyezi chikapitirira pafupifupi 30 peresenti timaenje tinkayamba kuoneka. Mankhwala akamauma amaziziritsa ulusi, nthunzi imaundana pamwamba monga zimachitikira pa botolo lochokera m'firiji, ndipo timadontho tikauma timasiya mapazi ake.

Kuyambira pamenepo chilema chija chinasanduka chinthu chopangidwa mwadala. Timaenje timakulitsa malo okhudzana ndi mpweya kapena madzi a pabala, choncho sefa imakola fumbi lambiri ndipo bandeji imatulutsa mankhwala mofulumira. Timikanda timasunga mankhwala n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ulusi wandalandala wa timizere umalondolera maselo a minyewa kumene akulire.

Zambiri mwa izi zikadali m'malabotale, ndipo chinyezi chija ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Ngati fakitale siilamulira mpweya wake, bandeji yopangidwa m'dzinja ingatulutse mankhwala pa liwiro losiyana ndi yopangidwa m'chilimwe, chonsecho wodwala ndi namwino sangathe kuona kusiyanako ndi maso.