Umunthu: liwu loyezera khalidwe

Kumudzi, chitonzo chopweteka kwambiri ndi kuuzidwa kuti "ameneyu si munthu." Wonenedwayo amapuma, amayenda, amadya nsima ngati aliyense, koma anzake aona kuti alibe umunthu.

Liwuli limapangidwa poika u- kumayambiriro kwa "munthu", monga mmene "mphawi" amabalira "umphawi". Limatanthauza khalidwe lomwe limamuyenereza wina kuwerengedwa pakati pa anthu: chifundo, ulemu, manyazi pa choipa, ndi kukhulupirika ngakhale pamene palibe womuona.

Maliro ndiwo amaonetsa bwino tanthauzoli. Adzukulu amakumba manda osalipidwa, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, ndipo makasu kuminda amagona. Wopita kukalima tsiku limenelo saphwanya lamulo la boma, komabe mudzi wonse umamuweruza, ndipo chisoni chikadzagwa pakhomo pake adzaona yekha kuchepa kwa anthu pasiwa.

Umunthu womwewu Azulu ndi Axhosa amautcha ubuntu. Ku South Africa liwuli linalowa m'malamulo oyendetsera dziko a 1993, ndipo mu 1995 oweruza analitchula pa mlandu wa Makwanyane pothetsa chilango cha imfa.

Kuno kwathu ena amauchepetsa umunthu n'kuusandutsa kupatsa basi, zomwe n'zolakwika. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, zinadziwika kuti ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill polipira katundu yemwe sanaperekedwe. Wakuba wotero, ngakhale agule bokosi pamaliro a mnansi, wamana mankhwala odwala ambirimbiri omwe sadzawaona nkhope.