Nkhope za Kalulu: Mbiri ya Zithunzi m'Mabuku a Nthano

Aphunzitsi, nthano za Kalulu ndi zakale kuposa zithunzi zake. Ana anali kuzimva madzulo, wosimba akati "Padangokhala", iwo nkuvomera kuti "Tili tonse", ndipo mwana aliyense anali kudziumbira Kalulu wakewake m'mutu. Buku litabwera, munthu mmodzi, wojambula, ndiye anayamba kusankhira ana onse nkhope ya Kalulu.

M'zaka za m'ma 1930, Frank Worthington, amene anagwirapo nchito m'boma la atsamunda m'dziko lino, anatulutsa buku la Cingerezi lochedwa Kalulu the Hare. Linasindikizidwa ku Britain, ndipo owerenga ake oyamba sanali ana athu. Mabuku a m'zinenero zathu anaculuka pambuyo pa 1948, pamene Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau inakhazikitsidwa ku Lusaka. Anali timabuku topyapyala. Zithunzi, zikakhalamo, zinali zowerengeka ndiponso za inki yakuda yokha, cifukwa kusindikiza mitundu kunali kokwera mtengo. Musazipeputse zithunzi zimenezo. Mizere yocepa imasiyira mwana malo oganiza.

Kuyambira mu 1966 Cingerezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Ambiri a inu mukumbukira Mulenga ndi Jelita a m'mabuku a Zambia Primary Course. Ana a anchito a ku Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles, m'zaka za m'ma 1970, anaona m'buku ana ofanana nawo, ndipo ici cinali cinthu cacikulu. Koma anawo anali kulankhula Cingerezi, ndipo nthano za Cinyanja zinatsalira m'phunziro limodzi lokha.

Zinthu zinasintha ndi ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 ndi Primary Reading Programme imene inayamba mu 1999. Mu New Breakthrough to Literacy cithunzi cinali kutsogolera phunziro: ana anali kuyang'ana cithunzi cacikulu pakhoma, nkunena ciganizo, kenaka nkucimanga ndi makadi a mau. Primary Literacy Programme, imene inalowa m'makalasi mu 2014, inatembenuza dongosolo limeneli. Mvekero ndi maphatikizo zinabwera patsogolo, cithunzi cinabwerera pambuyo kukathandiza kumvetsa nkhani. Ndiye cifukwa cake aphunzitsi awiri a pa sukulu imodzi, ophunzira nchito m'zaka zosiyana, angathe kutsutsana ngati mwana ayambe waona cithunzi kapena ayambe wawerenga.

Tsono buku latsopano la nthano yakale likafika m'manja mwanu, lowala ndi mitundu, liyang'anitsitseni musanalipereke kwa ana. Yambani ndi Kalulu mwini wake. Kalulu wa m'chire lathu ali ndi makutu aatali, miyendo yakumbuyo yaitali ndi thupi loonda la wothamanga. Nthawi zina wojambula amatipatsa kalulu wonenepa wa m'khola, mbale wake wa Peter Rabbit, uja wa jekete la buluu amene Beatrix Potter anatulutsa ku London mu 1902. Ndi wokongola ndithu, koma ndani angakhulupirire kuti kanyama kameneko kanapusitsa Njobvu ndi Mvuu kuti zikokane cingwe? Pa Mvuu pokha ana a ku Kafue sanamizika. Ambiri akhala pafupi ndi mtsinje, ndipo bwato lojambulidwa ngati ngalawa ya ku Ulaya adzaliseka.

Vuto lalikulu lili pa dzina la cinthu cojambulidwa. M'kalasi la ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound muli ana a makomo a zinenero zambiri. Muwaonetse Kalulu, wa Citonga adzati Sulwe, wa Cilozi adzati Shakame. Muwaonetse nsomba, mudzamva inswi ndi isabi. Pansi pa cithunzi palembedwa "galu", koma mwana wa m'tauni adzafuula kuti "imbwa". Ngati mufuna mvekero wa g, cithunzi comweco camusoceretsa. Kumbali ina, mwana amene wachula "nsomba" msangamsanga mwina sanawerenge lemba ngakhale limodzi; wangoona mamba ndi zipsepse.

Conco gwirizanani dzina la Cinyanja la cinthu ciliconse musanatsegule tsamba la mau. Poyesa kawerengedwe, phimbani cithunzi ndi kapepala, mwana awerenge, kenaka abvundukule yekha kuti aone ngati walondola. Ngati m'kabati ya ahedi mukali buku lakale la nthano yomweyo, ngakhale long'ambika, liikeni pambali pa latsopano, mufunse ana kuti Kalulu amene angapusitse Fisi ndi uti mwa awiriwo, ndipo aonera pati.