Mbiri ya callback, kapena mmene kompyuta inasiyira kungodikira

Anzanga, mwezi watha ena munadandaula kuti kapulogalamu kathu kolembera makilo a tiyi kamauma kakamatumiza manambala pa intaneti. Wolakwa ndine, ndavomera. Koma vutoli ndi lakalekale, ndipo lili ndi mbiri yake.

Pulogalamu imachita zinthu motsatana: mzere woyamba uthe kaye, wachiwiri uyambe. Ikapempha kanthu kwa server yakutali imangoima, ngati wothyola tiyi amene wasiya munda n'kukakhala pasikelo kudikira kalaliki. Ndiye netiweki ya m'mapiri a Thyolo muno mukuidziwa, eti?

Mu 2002 Microsoft inatulutsa .NET ndi chilankhulo cha C#, chomwe anatsogolera pochipanga ndi Anders Hejlsberg. Munali chinthu chotchedwa delegate, tingoti nthumwi, chosunga ntchito yoti idzaitanidwe nthawi ina. Wolemba pulogalamu ankaitana BeginInvoke, ntchito yolemera n'kukachitikira pambali, pulogalamu ikupitiriza zina. Ikatha, callback inkadzuka, monga mnzako amene waflasha ndiye wakuimbira. Mmenemo unkayenera kuitana EndInvoke kuti ulandire yankho. Ukaiwala basi, cholakwika chimene chachitika kumbaliko sunkachiona n'komwe.

Mu 2009 Ryan Dahl anabweretsa Node.js, momwe pafupifupi chilichonse chinali callback. Ina mkati mwa inzake, inanso mkati mwa imeneyo, mpaka anthu anazitcha callback hell. Ine ndinayesa zitatu zokha, mutu unawawa. Mpumulo unabwera mu 2012 pamene C# 5 inalandira mawu awiri, async ndi await, ndipo JavaScript inatsatira mu 2017. Komatu callback sinafe, inangobisala pansi. BeginInvoke ya delegate ndiye inatsala m'mbuyo, pa .NET Core siigwira.

Chaka chomwecho cha 2012 Airtel Money inayamba kuno ku Malawi, Mpamba ya TNM n'kubwera mu 2013. Mukamalipira pa webusayiti, foni n'kukufunsani PIN, webusayitiyo imadziwa kuti ndalama zalowa kudzera mu callback yochokera kukampani.

Ine ndinalemba kathu kaja mwachikale. Kakauma, munthu amadinanso batani, makilo 20 n'kulembedwa kawiri. Pano tikungoyeserera, koma akanakhala malipiro enieni a mayi anga bwenzi kuli mlandu. Loweruka tikalemberanso limodzi ndi await, ndipo batanilo lizitseka mpaka yankho lifike. Amene muli ndi laputopu bwerani nayo yotchaja.