ERNEST COLE, MNYAMATA AMENE ANALOWA M'KOMBONI NDI KAMERA

Amuna ambiri a ku Barotseland, ku Nyasaland ndi ku Mozambique anapita ku Joni ndi Wenela, ndipo pobwera anasimba za mabvuto a ku migodi ya golidi. Koma nkhani ya pakamwa munthu akhoza kuikana. Cithunzi ndico cobvuta kucikana, ndipo amene anajambula mabvuto amenewo ndi kuwaonetsa ku dziko lonse lapansi anali mnyamata wina dzina lace Ernest Cole.

Cole anabadwira ku Eersterust, pafupi ndi Pretoria, m'caka ca 1940. Mu 1958 analowa nchito ku magazini ya Drum ku Johannesburg, nakhala wothandiza wa Jürgen Schadeberg, mkulu wa zithunzi. Ataona buku la zithunzi la Mfalansa uja Henri Cartier-Bresson, anatsimikiza mtima kupanga buku lace loonetsa moyo wa anthu akuda pansi pa lamulo la tsankho.

Nchitoyi inali yoopsa, pakuti munthu wakuda sanali kuyenda popanda citupa. Cifukwa cace Cole anacenjerera a Boma: anasintha dzina la makolo ace, Kole, kukhala Cole, nalembedwa ngati Mkaladi. Potero anapeza ufulu woyenda kumene anzace sanaloledwe. Polowa m'komboni ya mgodi anali kubisa kamera m'cipepala ca kamba wace.

Kajambulidwe kace kanali kodekha. Sanali kuimika anthu kapena kuwauza kuti amwetulire.  Motero anajambula anyamata ofuna nchito ataima pamzere ali marisece, manja m'mwamba, kudikira dokotala kuti awapime. Anajambulanso mabedi a simenti m'makomboni, masitima odzala kufikira pa zitseko, ana a sukulu akulemba atagwada pansi, ndi amuna omangidwa cifukwa ca zitupa.

Mu 1966 anacoka m'dzikomo, ndipo mu 1967 buku lace, House of Bondage, linasindikizidwa ku New York. Boma la South Africa linaliletsa bukulo, ndipo mwini wace sanathenso kubwerera kwao. Ku America anasauka kwambiri, masiku ena nasowa ndi pogona pomwe. Anamwalira ku New York mu February 1990, ali ndi zaka 49, patangopita sabata imodzi Nelson Mandela atatuluka m'ndende.

Anthu anayesa kuti nchito yace yambiri inatayika. Koma mu 2017 mafilimu a zithunzi ngati 60,000 anaturukira m'cipinda cosungiramo cuma m'banki ina ku Stockholm, m'dziko la Sweden, naperekedwa kwa abale ace. Lero mwana amene agogo ace anagwira nchito ku Joni akhoza kutsegula buku la Cole ndi kuona ndi maso ace pamene nkhalambayo inali kugona.