Mwala Wobiriwira Umene Unapusitsa Mafumu

Kuno ku Kopala, munthu akatulutsa kamwala kobiriwira m'thumba, mitima yonse imathamangira dzina limodzi: emarodi. Koma emarodi ali ndi mnzake wofanana naye wotchedwa peridoti, ndipo mbiri yake ndi ya anthu amene anagwira mwala m'manja osadziwa chimene agwira.

Nkhaniyi imayambira pa Zabargad, kachilumba kouma ka m'Nyanja Yofiira, kufupi ndi gombe la Egypt. Anthu ankakumba peridoti kumeneko zaka zoposa 2,000 zapitazo. Agiriki ankatcha chilumbacho Topazios, ndipo mwalawo ankauti topazi, dzina limene pambuyo pake linapita kwa mwala wina. Chisokonezo sichinathere pomwepo. M'tchalitchi chachikulu cha ku Cologne, ku Germany, muli bokosi lagolide la Mafumu Atatu, lopangidwa cha m'ma 1200. Kwa zaka mazanamazana, mafumu ndi mabishopu ankagwada patsogolo pake akukhulupirira kuti miyala yake ikuluikulu yobiriwira ndi emarodi. Akatswiri atayiyeza anapeza kuti ndi peridoti.

Kusiyana kwake kulipo ndithu. Peridoti amapangika pansi penipeni pa dziko, ndipo amatuluka ndi mapiri ophulika. Wina amapezeka ngakhale m'miyala yogwa kuchokera kumwamba. Chitsulo chimene chili m'kati mwake ndicho chimamupatsa kubiriwira kopita kuchikasu, ngati msipu wa mvula yoyamba. Emarodi amabiriwira mozama chifukwa cha kromiyamu. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba, peridoti ali pa 6.5 mpaka 7, pamene emarodi ali pa 7.5 mpaka 8. Mukasuzumira peridoti wosemedwa ndi galasi lokulitsa, mizere ya kuseri kwake imaoneka iwiriiwiri.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mwala wathu wobiriwira unayamba kudziwika mu 1928 ku Miku, m'dera limene lero ndi boma la Lufwanyama, koma panapita zaka zambiri anthu asanauwerengere. M'ma 1970 mbiri ya Kafubu inamveka, ndipo anyamata anakhamukira kutchire ndi mapiki ndi mafosholo. Ogula ochokera ku West Africa, makamaka ku Senegal ndi ku Mali, anadzaza mu Kitwe. Wokumba ankadziwa dzenje, koma wogula ankadziwa mwala, ndipo phindu lalikulu linkatsata wodziwa mwalayo. Boma linatseka deralo kuti pasalowe munthu wopanda chilolezo, ndipo mu 1984 kampani ya Kagem inakhazikitsidwa. Kuyambira 2008, magawo 75 pa 100 a Kagem ali m'manja mwa Gemfields, otsalawo ndi a boma. Kumeneko n'kumene kunatuluka Inkalamu wa makarati 5,655 mu 2018, ndi Chipembele wa makarati 7,525 mu 2021. Mayinawo ndi athu, koma miyala yambiri ya ku Kafubu imakasemedwa ku Jaipur, ku India.

Peridoti akutionetsanso kuti ogula si opanga mphete okha. Pali anthu osunga miyala monga inabadwira. M'ma 1990, ku Sapat, m'mapiri a Pakistan, kunapezeka peridoti wooneka bwino kwambiri, ndipo osungawa amafuna wosasweka nsonga, wodziwika kumene anachokera. N'chimodzimodzi ndi emarodi wokhalabe pa mwala umene anamerapo. Mnyamata woumenya ndi hamala kuti agawane msanga ndi anzake akhoza kuswa ndalama zake zomwe.

Ku San Carlos, ku Arizona, kumene kumachokera peridoti wambiri wa pamsika, okumba ndi eni nthaka, anthu a mtundu wa Apache. Kwathu kuno, ku Ndola kuli Gemstone Processing and Lapidary Training Centre, sukulu yophunzitsa kuzindikira ndi kusema miyala. Mafumu a ku Ulaya analibe zida zoyezera, n'chifukwa chake anapusitsika. Ife zidazo zili pafupi, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera ku Kitwe. Tsiku limene wina adzakutambasulireni kanthu kobiriwira m'kapepala pafupi ndi Chisokone, kaya ndi emarodi, peridoti kapena chibenthu cha botolo, amene adzapita kunyumba akumwetulira ndi amene akudziwa dzina lake lenileni.