Lundazi ndi Alendo Ace

Munthu akacoka ku Chipata kulunjika kumpoto amayenda makilomita ngati 180 asanafike pa Boma la Lundazi. Mudziwu uli pa dziko lokwera, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere. Ca kumadzulo nthaka imatsetsereka kufikira m'cigwa cotentha ca Luangwa. Ca kum'mawa kuli malire a Malawi. Ndipo kutali kumpoto kuli mapiri ozizira a Nyika. Pokhala pakati potero, dzikoli lakhala njira ya apaulendo kuyambira makedzana.

Pakati pa oyamba kuponda njirazi panali amalonda. Abisa anali kutsika mapiri a Muchinga, naoloka Luangwa atasenza minyanga ya njobvu ndi mkuwa wa ku Katanga, nakwera kupyola midzi ya Acewa ndi Atumbuka kunka kwa Mwase ku Kasungu, kufikira pa dooko la Nkhotakota pamene panali Jumbe ndi zombo zace. Pobwerera anali ndi nsaru ndi mikanda. Eni midzi anapindulako pogulitsa ufa, nkhuku ndi makasu. Koma si onse odutsa amene anayenda mwa kufuna kwao, pakuti m'njira zomwezo munapitanso akapolo ali m'magoli. Apwitikizi naonso anayesa mwai wao: Lacerda mu 1798, ndi Monteiro pamodzi ndi Gamitto mu 1831, anacokera ku Tete napyola dziko la Acewa pofuna kwa Kazembe wa ku Luapula. David Livingstone anaoloka Luangwa mu December 1866, nalemba za njala imene anaipeza m'midzi yofunkhidwa ndi Angoni.

Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, Kampani ya British South Africa inagwira dziko, niika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu. Pamenepo maulendo anasandulika. Bwana akamayendera midzi, pambuyo pace panali mndandanda wa amtengatenga osenza mahema ndi mabokosi. Anyamata osowa ndarama ya msonkho anayenda pansi masabata ambiri kunka ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia, kumene akale ankati ku Walale. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, nakhala machona.

Mlendo wa mtundu wina, woyenda wosasenza malonda ndi wosafuna nchito, koma kungoona dziko, anayamba kuyembekezeka nkhondo yaciwiri itatha. Mu 1948 Bwana D.C. Errol Button anayamba kumanga nyumba ya alendo pambali pa damu la pa Boma. Iye sanafune nyumba wamba ya makonde monga zinali m'Maboma ena, koma linga longa la mafumu akale a ku Ulaya, la njerwa, lokhala ndi nsanja zozungulira ndi timazenera topapatiza. Nchito inatha mu 1952, ndipo dzina loyamba la nyumbayo linali Rumpelstiltskin, lotengedwa m'nthano imene mwana wace wamkazi anali kuikonda. Ena anganene kuti ici cinali cibwana ca munthu wamkulu, koma ganizo lace silinali lopusa. Mu 1950 Norman Carr anali atapangana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo oona nyama m'cigwa, ndipo Lundazi anaoneka malo oyenera kugonapo munthu wocokera ku njobvu za ku Luangwa popita ku mphepo ya ku Nyika.

Kuli mudzi wina kutali ku Asia umene unapeza cimene Lundazi anaciyembekeza. Namche Bazaar, m'dziko la Nepal, uli pa mamita 3,440, ndipo unayamba monga msika pamene anthu a mtundu wa Sherpa anali kusinthana mcere wa ku Tibet ndi dzinthu za kucigwa. Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay atakwera phiri la Everest mu 1953, mbiri ya mapiriwo inamveka pa dziko lonse, ndipo malonda a ku Tibet atazirala, alendo okwera mapiri analowa m'malo mwace. Ndege imawatula ku Lukla, ndipo pocoka apo amayenda pansi masiku awiri. Akafika ku Namche sangapitirire msanga, pakuti mpweya wa kumeneko ngwocepa ndipo thupi liyenera kuzolowera. Motero mlendo amagona, amadya, amagula, nalemba wom'senzera katundu pa mudzi womwewo. Phiri lenilenilo ndilo limam'gwira mwendo.

Ku Lundazi kunalibe comugwira. Bwalo la ndege litamangidwa ku Mfuwe, oona nyama anayamba kutera m'cigwa mwenimweni, ndipo a pa galimoto anakhotera ku Chipata. Okwera Nyika anapeza khomo ku Rumphi. Ngakhale kacigawo ka Nyika kamene kali m'Zambia kamafikidwa pa mseu wa m'Malawi. Nkhalango ya Lukusuzi, imene ili pafupi, siona alendo ambiri. Njira imene Button anaimangira linga inapatuka nim'siya.

Koma mudzi sunafe, cifukwa cimene cinaudyetsa sicinali linga ai, koma khasu. Nshawa za Chalimbana, cimanga, thonje, fodya ndi nyemba zinadzaza msika. Mpunga unatsika kucokera ku Chama, nsomba zouma zinakwera kucokera ku Luangwa, ndipo a ku Mzimba analowa ndi malonda ao pa cipata ca Lusuntha. M'zaka za m'ma 1980 miyala yobiriwira ya aquamarine inakoka ogula ocokera kutali, ena a ku West Africa, ndipo alimi ambiri anasiya munda kukakumba maenje, owerengeka analemera. Mu 2018 Boma linadula Chasefu ndi Lumezi kukhala zigawo pa zokha, ndipo dziko la Lundazi linacepa.

Linga likadali ciriri pambali pa damu, dzina lace tsopano Castle Hotel. Nyengo ya masika ikafika, m'mamawa kuli mbuu, pa mseu wopita ku msika pamadutsa ngolo za ng'ombe ndi njinga zolemedwa ndi matumba a nshawa, ndi amai osenza madengu amene ananyamuka kwao tambala woyamba asanalire.